Ndege ikanyamuka, nkhondo imatsala pakhomo

Usiku wa pa 11 January 2024, ndege zinayi zankhondo za mtundu wa Typhoon zidanyamuka pabwalo la Akrotiri, pachilumba cha Cyprus, kukaphulitsa malo a gulu la Houthi m'dziko la Yemen. Kutacha, mawailesi ndi nyuzi zidafotokoza zonse: mtundu wa mabomba, kumene adagwera, ndi zimene atsogoleri a Britain ndi America adayankhula. Ndege zonse zinayi zidabwerera bwinobwino.

Koma za anthu amene amachezera usiku wotere ali maso, foni ili pamtsamiro, palibe wailesi idanenapo kanthu. Awa ndi akazi, amuna, ana ndi makolo a asilikali a Royal Air Force, nthambi ya nkhondo ya mumlengalenga ya dziko la Britain, imene mwachidule amaitcha RAF.

Nthambiyi yakhala pakalikiliki zaka zapitazi. Mu 2014 idayamba kuphulitsa zigawenga za Islamic State ku Iraq, ndipo chaka chotsatira idafika ndi ku Syria. Mu April 2024 idagwetsa nawo tindege topanda munthu timene Iran idatumiza ku Israel. Chiyambireni nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, ndege zake zakhala zikulondera nawo malire a mayiko a NATO kummawa kwa Ulaya. Mu February 2025, nduna yaikulu Keir Starmer idalengeza kuti boma liwonjezera ndalama za chitetezo, ndipo kuti ndalamazo zitapidwa m'thumba la thandizo la mayiko osauka, thumba lomwe Malawi wakhala akudyako nawo.

Ndalamazo zigula ndege, mabomba ndi sitima. Funso n'lakuti: kodi boma limeneli lidaphunzirapo kanthu pa zimene zidagwera mabanja a asilikaliwa pankhondo za ku Iraq ndi Afghanistan? Pangozi ziwiri zimene zidapha a RAF ambiri nthawi imodzi m'nkhondozo, imodzi mdani adangomalizitsa zimene mphwayi zidayamba, inayo mdani sadakhudzeko n'komwe. Ndipo akadapanda kulimba mtima amasiye ndi makolo, choonadi chikadakwiriridwa limodzi ndi mabokosi.

Mnyamata wa telegalamu

Kudikira kwa mabanjawa kudayamba kalekale. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, RAF idali ndi gulu loponya mabomba lotchedwa Bomber Command. Mwa anthu pafupifupi 125 000 amene adauluka m'gululi, 55 573 adafa. Kunena kwina, mwa anthu 100 alionse, 44 sadabwerere. Ambiri adali anyamata ongopitirira pang'ono zaka 20.

Ndege zinkanyamuka madzulo m'mabwalo a ku Lincolnshire ndi Yorkshire, ndipo anthu a m'midzi yoyandikana ankaziwerenga popita, n'kudzaziwerenganso mbandakucha pobwera. Zikaperewera, m'mawa mwake mnyamata wa kupositi ofesi ankakwera njinga, telegalamu ili m'chikwama. Kawirikawiri telegalamuyo sinkanena kuti munthu wafa, inkangoti wasowa. Banja linkatha masabata kapena miyezi likudikira bungwe la Red Cross kuti mwina limva zoti mwana wawo ali m'ndende ya Ajeremani. Kubwalo la ndegeko, katundu wa wosowayo ankachotsedwa msangamsanga kuti pabedipo pagone wina.

Ena sadapezeke mpaka lero. Pachipilala cha ku Runnymede, chimene chidatsegulidwa mu 1953, palembedwa mayina oposa 20 000 a asilikali a m'ndege amene manda awo sadziwika.

Nkhondo itatha, boma lidachita manyazi ndi gululi kaamba ka anthu wamba amene adapsera m'mizinda ya ku Germany: pafupifupi 40 000 ku Hamburg mu 1943, ndi pafupifupi 25 000 ku Dresden mu 1945. Nawonso adali mabanja, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa. Koma manyaziwo adasenzetsedwa anyamata amene adangotumidwa, osati akuluakulu amene adatuma. Chipilala cha Bomber Command mumzinda wa London chidatsegulidwa mu June 2012, patatha zaka 67, makolo onse atapita kale. Ndalama zake zambiri adasonkha ndi anthu akufuna kwabwino.

Foni zikangoti zii

Telegalamu idatha, koma mtima wa wodikira sudasinthe. Pa 17 January 1991, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Gulf, ndege ya Tornado ya John Peters ndi John Nichol idagwetsedwa ku Iraq. Patangotha masiku ochepa, boma la Saddam Hussein lidawaonetsa pa TV, nkhope ya Peters itatupa ndi zibakera. Chithunzicho chidazungulira dziko lonse. Kwa akubanja, chidali chowawa ndi chotonthoza nthawi imodzi: munthu wawo akuzunzidwa, komabe ali moyo. Awiriwa adamasulidwa patatha masabata asanu ndi awiri.

Pofika nthawi ya nkhondo ya ku Afghanistan, msilikali ankapatsidwa mphindi 30 pasabata zoimbira foni kunyumba mwaulere, kuphatikizapo intaneti ndi makalata a pepala la buluu amene ankapita osamata sitampa. Koma padali lamulo limodzi lotchedwa Operation Minimise. Msilikali akangofa kapena kuvulala kwambiri, mafoni ndi intaneti zonse za pamsasa zinkatsekedwa mpaka banja lake litauzidwa pamaso ndi pamaso.

Cholinga chidali chabwino, kuti mayi asamvere imfa ya mwana wake pa Facebook kapena kwa mnansi. Koma tangoganizani mbali inayo. Mayi wazolowera kuti bambo a ana amaimba Lachitatu madzulo. Lachitatu lafika, foni ili zii. Akudziwa tanthauzo lake: wina wafa. Sakudziwa kuti ndani. Galimoto iliyonse yoima pamsewu ikumudumphitsa mtima, chifukwa uthenga wa imfa amabwera nawo ndi akuluakulu a usilikali, nthawi ina iliyonse, usana kapena usiku. Foni ikadzalira mawa lake n'kumva mawu a mwamuna wake, amapuma, kenako n'kudzimvera chisoni pokumbukira kuti galimoto ija yaima pakhomo pa mnzake.

Ndege ya zaka 37

Loweruka pa 2 September 2006, magalimoto otere adaima pamakomo 14.

Ndege ya mtundu wa Nimrod, nambala yake XV230, inkauluka pamwamba pa chigawo cha Kandahar ku Afghanistan. Ntchito yake sidali yoponya mabomba. Inkaona ndi makamera zimene zikuchitika pansi n'kumauza asilikali a NATO, amene tsiku limenelo adayamba chintchito chachikulu chothamangitsa a Taliban m'dera la Panjwayi motsogozedwa ndi asilikali a ku Canada.

Kuti ikhalitse m'mwamba, ndegeyi idamwa mafuta ili mumlengalenga momwemo, kuchokera kundege ina yonyamula mafuta. Patangotha mphindi zosakwana ziwiri chimalizireni kumwa, belu la moto lidalira. Oyendetsa adakhotera kubwalo la Kandahar uku anzawo akulimbana ndi utsi. Sadafike. Ndegeyo idaphulika ili m'mwamba ndipo onse 14 adafera pomwepo: 12 a RAF a gulu la 120 Squadron, mmodzi wa Royal Marines ndi mmodzi wa nthambi ya asilikali a pansi. Chichokereni nkhondo ya ku Falklands mu 1982, Britain idali isadatayepo asilikali ochuluka chotere pangozi imodzi.

Kwawo kwa ndegeyi kudali ku Kinloss, kumpoto kwa Scotland, pafupi ndi katauni ka Forres. Ndi malo aang'ono, kumene ana a asilikali amaphunzira sukulu imodzi, amayi awo n'kumakumana m'sitolo imodzi. Maliro 12 pamalo otere ndiye kuti palibe khomo limene silidakhudzidwe.

A Taliban adathamangira kunena kuti agwetsa ndi iwo. Lidali bodza. Chidapha anthuwa chidali m'mimba mwa ndege momwemo.

Nimrod idapangidwa kuchokera ku Comet, ndege yonyamula anthu ya m'zaka za m'ma 1950. XV230 ndiyo idali yoyamba kuperekedwa ku RAF, mu 1969, kotero pomwe inkagwa idali ndi zaka 37. Ndege zatsopano zolowa m'malo mwake zidalamulidwa mu 1996 ndipo zinkayembekezeka kuyamba ntchito mu 2003, koma zidachedwa, nkhalamba zija n'kumangopitiriza kusenza katundu.

M'kati mwa ndegeyi, pafupi ndi thanki ina ya mafuta, munkadutsa paipi ya mpweya wotentha pafupifupi madigiri 400. Malo ena paipiyi idali yosakutidwa bwino. Pamalopo padalibe chipangizo chodziwitsa kuti kwabuka moto, padalibenso chozimitsira. Mafuta atasefukira kapena kudontha, adakafika papaipi yotenthayo. Mayi aliyense amene amaphikira pambaula akudziwa kuti botolo la palafini saliika pambali pa makala. Ndege ya boma idauluka zaka zambirimbiri ili choncho.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Zonsezi sizidatuluke zokha. Miyezi yoyamba, mabanja ankangouzidwa kuti adikire kafukufuku. Bambo wa mmodzi mwa omwalirawo, munthu wamba amene sadali katswiri wa ndege, adayamba kufunsa mafunso, kulemba makalata ndi kusonkhanitsa zikalata. Zina adampatsa mobisa ndi anthu a m'kati momwemo. Zikalatazo zidaonetsa kuti nkhani ya kudontha kwa mafuta m'ndege za Nimrod inkadziwika kale ngoziyo isadachitike. Atolankhani adaitola nkhaniyo, ndipo boma lidasowa pobisala.

Mu November 2007, Nimrod ina idatera mwadzidzidzi ku Kandahar komweko mafuta atayamba kuthovoka m'kati pomwe inkamwa mafuta m'mwamba. Mwezi wotsatira, nduna ya zachitetezo Des Browne idaimirira m'nyumba ya malamulo n'kupepesa kwa mabanja.

Ku England kuli lamulo loti munthu akafa imfa yosadziwika bwino, mkulu wofufuza za imfa, amene amamutcha coroner, amaitanitsa mboni pabwalo loti aliyense atha kudzamvera. Lamuloli limakhudzanso asilikali ofera kunja mitembo yawo ikafika m'dzikomo. Apa ndi pamene mabanja adapezera mpata wofunsa akuluakulu maso ndi maso. Mpatawo sudali wophweka. Milandu yotere inkachedwa ndi zaka chifukwa chochuluka, komanso unduna wa zachitetezo unkabwera ndi maloya olipidwa ndi misonkho pomwe mabanja ambiri ankayenera kuchita kupempha kuti boma liwathandize kupeza loya.

Mu May 2008, coroner Andrew Walker wa ku Oxfordshire adagamula kuti ndege za Nimrod sizidakhalepo zoyenera kuuluka chiyambire, ndipo adapempha kuti zonse ziimitsidwe. Boma lidakana, lidati zakonzedwa. Kukonza kwake kwakukulu kudali kotani? Kuletsa kuti mpweya wotentha uja uzidutsa m'paipimo ndege ili m'mwamba. Chinthu chosalira ndalama zambiri, chimene chikadachitika kale wina akadakhala pansi n'kuyang'anitsitsa.

Chigamulo chenicheni chidadza pa 28 October 2009, pomwe loya wodziwa za ndege, Charles Haddon-Cave, adatulutsa lipoti la masamba oposa 500. Lipotilo lidayamikira anthu 14 aja kuti adachita zonse moyenera ndi modekha mpaka mapeto. Kenako lidatembenukira kwa amoyo.

Lidapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2005 padachitika ntchito younika zoopsa zonse za m'ndege za Nimrod. Idagwiridwa ndi kampani ya BAE Systems, moyang'aniridwa ndi unduna wa zachitetezo, ndipo kampani ya QinetiQ ndiyo idali mlangizi woima payekha. Ntchitoyo idadya ndalama zoposa £400 000, koma Haddon-Cave adati idali yomvetsa chisoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yodzaza ndi zolakwika. Zoopsa zambiri zidasiyidwa osaziunika, komabe mapepala adasainidwa ngati zonse zili bwino. Paipi yotentha ija adaiika m'gulu la zinthu zosadetsa nkhawa kwenikweni. Chonsecho mu November 2004 paipi yamtundu womwewo idaphulika m'ndege ina ya Nimrod n'kuwononga zoyandikana nazo. Chenjezo limenelo lidangodutsa.

Lipotilo lidalozanso gwero la matendawa. Kutsatira ndondomeko ya chitetezo ya 1998, nthambi yosamalira zida idalamulidwa kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito ndi 20 peresenti m'zaka zisanu. Maofesi adaphatikizidwa, mainjiniya adachepa mphamvu, ndipo amene ankakwezedwa pantchito ndi odziwa kupulumutsa ndalama osati odziwa kukana kuti ndege iyi isanyamuke. Zonsezi zinkachitika pomwe andale omwewo ankatumiza ndegezo kunkhondo ziwiri nthawi imodzi.

Haddon-Cave adachita chinthu chosowa m'malipoti a boma: adatchula mayina a anthu khumi, asanu a ku unduna ndi usilikali, atatu a ku BAE Systems ndi awiri a ku QinetiQ. Nduna ina, Bob Ainsworth, idapepesanso. Mabanja adalandira chipukutamisozi. Koma mwa khumi aja palibe ndi mmodzi yemwe adaimbidwa mlandu kukhoti. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ngakhale ku Ulaya.

Chinkhupule chimene chidasowa

Nkhani inayo idachitika kale pang'ono, pa 30 January 2005, tsiku limene anthu a ku Iraq ankaponya voti. Ndege yonyamula katundu ya mtundu wa Hercules idanyamuka ku Baghdad kupita ku Balad ikuuluka m'munsi. Zigawenga zidaiombera, chipolopolo chidalowa m'thanki ya mafuta ya m'phiko, thankiyo idaphulika ndipo phiko lidathothoka. Anthu khumi adafa, asanu ndi anayi a RAF ndi mmodzi wa nthambi ya pansi.

Apa mdani adalipo. Koma pali chinkhupule china chapadera, chooneka ngati cha m'matiresi, chimene amachiika m'mathanki kuti mpweya wa mafuta usaphulike chipolopolo chikalowa. Amereka adayamba kuchiika m'ndege zawo za Hercules m'zaka za m'ma 1960, pankhondo ya ku Vietnam. Za Britain zidalibe, ngakhale akatswiri a usilikali omwe adalangizapo mu 2002 kuti chiikidwe. Mu October 2008, coroner David Masters wa ku Wiltshire adati kusaika chinkhupulechi kudali kulephera kwakukulu kwa dongosolo lonse. Chidayamba kuikidwa anthu khumi atafa kale, mabanja ndi ena amene adagwirapo ntchito m'ndegezi atachita phokoso.

Tauni imene idatseka masitolo

Hercules imeneyi kwawo kudali ku Lyneham, bwalo la RAF m'chigawo cha Wiltshire. Kuyambira mu April 2007, mitembo ya asilikali onse ofera ku Iraq ndi Afghanistan idayamba kutsikira pabwaloli, chifukwa bwalo la Brize Norton linkakonzedwa. Kuchoka apo, magalimoto a maliro ankapita kuchipatala cha John Radcliffe ku Oxford, ndipo njira yake inkadutsa pakati pa Wootton Bassett, tauni yaing'ono ya msika.

Palibe boma lidalamula kanthu. Poyamba adali madoda ochepa a bungwe la asilikali opuma la Royal British Legion amene adaima m'mbali mwa msewu n'kuchitira sawatcha mabokosi okutidwa ndi mbendera. Ulendo wotsatira adachuluka. Posakhalitsa zidakhala mwambo: belu la tchalitchi likalira, ogulitsa ankatuluka m'masitolo, ogula n'kusiya madengu, msewu wonse n'kukhala chete. Magalimoto ankaima pang'ono pafupi ndi chipilala cha nkhondo, achibale n'kuika maluwa pamwamba pake. Nthawi zina pankasonkhana anthu mazanamazana, mvula kapena chisanu.

Pofika mu August 2011, tauniyi idali itaperekeza mitembo 345 pamaulendo 167. Chaka chomwecho Mfumukazi Elizabeth II idaipatsa ulemu woti izitchedwa Royal Wootton Bassett, ndipo mitembo idabwereranso kukatsikira ku Brize Norton.

Anthu a m'tauniyi ankanenetsa kuti iwo sali pandale, sakuvomereza kapena kutsutsa nkhondo, akungokhuza maliro. Komabe zithunzi za pa TV zija zidachita zimene zipani zotsutsa zidalephera. Nkhondo imene inkamveka ngati nkhani ya kutali idaonekera poyera kuti ili ndi amasiye, ili ndi ana ogwira chithunzi cha bambo awo. Ku Iraq kudafera asilikali a Britain 179, ku Afghanistan anthu 457. Ena mpaka ankanong'ona kuti akuluakulu adapuma pomwe maliro adasiya kudutsa pakati pa msika.

Zimene zidasintha, ndi zimene zidatsala

Kunena kuti palibe chidasintha kungakhale kunama. Mu April 2010 kudakhazikitsidwa bungwe la Military Aviation Authority loti liziyang'anira chitetezo cha ndege zonse za usilikali, ndipo tsopano pali mkulu wodziwika ndi dzina amene amayankha ngati ndege yauluka ili yosayenera. Mu 2009 kudayamba mendulo ya Elizabeth Cross, yopatsidwa kwa banja la msilikali wofera pantchito. Mu 2011 pangano la pakati pa dziko ndi asilikali ake, Armed Forces Covenant, lidalowa m'malamulo, kunena kuti msilikali ndi banja lake asamavutike kupeza sukulu, chipatala kapena nyumba chifukwa cha ntchito yake. Mu June 2013 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo lidagamula, pamlandu wa mabanja a asilikali a pansi ofera ku Iraq, kuti boma litha kusumiridwa ngati lidatumiza anthu kunkhondo ndi zida zosayenera.

Pafupifupi chilichonse mwa izi chidabwera wina atalira kaye mokweza.

Taonani nkhani ya amayi amasiye. Kwa zaka zambiri, mayi wina akakwatiwanso, kapena kungoyamba kukhala ndi mwamuna wina, penshoni ya malemu mwamuna wake inkaduka. Mtsikana wa zaka 25 ankayenera kusankha pakati pa kukhala yekha moyo wake wonse ndi kutaya ndalama zolerera ana. Lamuloli lidathetsedwa mu April 2015, koma amene adalandidwa kale sadabwezeredwe. Adamenyera nkhondo zaka zina zisanu ndi zitatu, mpaka mu 2023 boma lidavomera kuwapatsa £87 500 aliyense kamodzi kokha.

Nkhaniyi ikukhudzanso makomo ena kuno kumudzi, poti pali Amalawi amene adalembedwa usilikali ku Britain ngati nzika za mayiko a Commonwealth, ambiri mwa iwo kunthambi ya pansi. Kwa nthawi yaitali, msilikali wotere akamaliza ntchito ankalipira £2 389 kuti aloledwe kukhazikika m'dziko limene adalimenyera nkhondo, ndipo mkazi ndi mwana aliyense ankalipiridwa ndalama yomweyo payekhapayekha. Mu April 2022 boma lidachotsa malipirowa kwa msilikali amene wagwira zaka zisanu ndi chimodzi. Mkazi ndi ana adawasiya kunja kwa chisomocho.

Ndiye pali nyumba. Mu 1996 boma lidagulitsa nyumba za mabanja a asilikali pafupifupi 55 000 kukampani ya Annington pamtengo wa £1.7 biliyoni, n'kuyamba kuchita lendi nyumba zomwezo, udindo wokonza uli wa boma lomwelo. Zotsatira zake zidali nkhungu m'makoma, madenga odontha ndi zotenthetsera m'nyumba zakufa pakati pa chisanu cha ku Ulaya. Mu December 2024 komiti ya nyumba ya malamulo idati nyumba ziwiri mwa zitatu zilizonse zikufunika kukonzedwa kwambiri kapena kumangidwanso. Mwezi womwewo boma lidalengeza kuti ligulanso nyumba 36 347 pamtengo wa pafupifupi £6 biliyoni. Woyendetsa ndege ya mamiliyoni ambirimbiri ankatha kuimba foni kuchokera kunkhondo n'kumva kuti mwana akutsokomola chifukwa cha chinyontho cha m'chipinda.

N'zosadabwitsa kuti pakafukufuku amene unduna umachita chaka ndi chaka, chifukwa chimene asilikali amatchula kwambiri akafuna kusiya ntchito ndi mmene ntchitoyo ikupwetekera banja. RAF idali ndi anthu pafupifupi 90 000 mu 1990. Pofika 2024 adatsala pafupifupi 30 000. Anthu akachepa ntchito osachepa, omwewo ndiwo amangopitapita, ndipo kuphunzitsa woyendetsa ndege yankhondo mmodzi kumatenga zaka ndi mamiliyoni. Mkazi kapena mwamuna wake akanena kuti basi zakwana, ndalama zonsezo zapita.

Nkhondo yobwera nayo pamphasa

Palinso mtundu wina wa msilikali amene makolo ake sakadamumvetsa. Kuyambira mu 2013, ena a RAF ankayendetsa ndege zopanda munthu za mtundu wa Reaper ali pampando ku Waddington, m'chigawo cha Lincolnshire, ndegezo zili pamwamba pa Afghanistan, kenako Iraq ndi Syria. Munthu ankatha kuperekeza ana kusukulu m'mawa, masana n'kuombera mzinga umene wapha anthu kutali makilomita zikwizikwi, madzulo n'kukhala pachakudya ndi banja.

Peter Lee, amene adakhalapo m'busa wa asilikali a RAF, adacheza ndi ambiri mwa anthuwa pamodzi ndi akazi ndi amuna awo, n'kulemba buku lotchedwa Reaper Force mu 2018. Zimene adapeza n'zoti kutalika kwa mtunda sikutchinjiriza mtima. Kamera imaonetsa zonse. Woyendetsa amatha kulondola munthu mmodzi kwa masiku, kumuona akutuluka m'nyumba, akucheza ndi ana ake, ndipo akamuombera amaonanso amene akubwera kudzatola mtembo. Akafika kunyumba saloledwa kufotokoza. Banja lotere silidikira galimoto ya uthenga wa imfa. Limangoona munthu wawo akusintha pang'onopang'ono, tulo osabwera, kupsa mtima pazinthu zazing'ono.

Nanga ku Kinloss kudatha bwanji? Ndege zakale za Nimrod za mtundu umene udagwa uja zidapumitsidwa mu March 2010. Zatsopano zija, zimene kuchedwa kwake kudachititsa kuti XV230 izingoulukabe, boma lidazithetsa mu October chaka chomwecho zitadya kale ndalama zoposa £3 biliyoni, ndipo zidaphwanyidwa ndi makina zisadagwireko ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Mu 2012 RAF idachoka ku Kinloss, malowo n'kuperekedwa kwa asilikali a pansi. Mabanja amene adalira limodzi mu 2006 adabalalika.

Patatha zaka pafupifupi khumi Britain ilibe ndege yolondera panyanja, idagula zina ku America, za mtundu wa Poseidon, zoti zizikhala ku Lossiemouth, mtunda wochepa kuchokera ku Kinloss. Yoyamba idafika mu February 2020, ndipo poti bwalo la Lossiemouth linkakonzedwa, idatera pa Kinloss pomwepo. Gulu limene lidapatsidwa ndegeyo ndi 120 Squadron, lomwe lija lidataya anthu 12 ku Kandahar.